Maliro a Kabatani

1

Ngati munaphunzira pulayimale pakati pa Jenda ndi Mzimba Boma m'zaka za 1975 mpaka 1978, kafufuzeni pansi pa sutikesi yanu yakale. Mwina mupezapo batani lomangidwa pa ulusi. Mukalipeza, khalani pansi. Nkhani ino ndi yanu.

Dzina langa ndi Wallace Namate. Ndinabadwira ku Limbe, ndinakulira pa depoti ya basi. Pamalo amodzi sindikhalitsa. Ntchito imene inandifikitsa kumpoto inali yogulitsa sopo ndi mafuta ophikira pa vani ya kampani. Lolemba Kasungu. Lachiwiri Jenda. Lachitatu Boma. Kugona paliponse pamene dzuwa landilowera. Moyo umenewo ndinkaukonda.

Ndinkavala chipewa chopendekera kumanzere. Anthu ankati ndi matama a m'tauni. Sanali matama. Khutu langa lakumanzere ndi lopindika chibadwire, ngati tsamba la buku limene munthu walipinda kuti asaiwale pomwe walekezera. Kusukulu ankanditcha Chikhutu. Ndinamenya ana ambiri chifukwa cha dzina limenelo. Nditayamba ntchito, chinthu choyamba kugula chinali chipewa.

Towera ndinakumana naye m'golosale ya ku Champhira. Anali mphunzitsi wa Sitandade 3. Ananunkhiza sopo wanga n'kumubweza pa kauntala.

"Sopo wanuyu sachita thovu," anatero.

"Madzi a kuno ndiwo ouma mtima, mayi."

"Mbwenu mukagulitse kwanu komwe madzi ali ndi chisoni."

Chaka chotsatira ndinapereka ng'ombe za malowolo kwa a Shaba, bambo ake. Pomulemekeza, anthu a kwawo ankamutcha NyaShaba. Tinapeza nyumba pafupi ndi sukulu. Ine ndinkabwerako Lachisanu, n'kunyamukanso Lolemba.

Zaka zinayi zinadutsa. Pakhomo zii. Azakhali ake anabweretsa mizu. Kuchipatala anati tidikire. Tinadikira.

Inu a kumwera mumvetse ichi. Kwawo kwa Towera munthu akabereka, dzina lake limapuma. Mkazi amasanduka Anyina Uje, mwamuna Awiske Uje, kutanthauza mayi ake ndi bambo ake a mwanayo. Anzathu onse amene tinakwatira nawo chaka chimodzi anali atalandira kale mayina amenewa. Ife tinatsala Towera ndi Wallace, ngati ana a sukulu.

2

Kabatani anabadwa Lachisanu masana, ana atatopa ndi masamu.

Towera anawauza za batani limene linathothoka pa jekete ya munthu wapaulendo n'kugwera m'fumbi pa siteji ya Jenda. Basi inapita. Batani linatsala. Litalira kwambiri linamera timiyendo, timanja ndi kamutu. Kamnyamata kotalika ngati chala. Nyumba yake bokosi la machesi. Ntchito yake imodzi: kufunafuna jekete imene anachokapo. Ankakwera pa nyanga za ng'ombe zokoka ngolo. Ankabisala m'thumba la kondakitala. Mabelu a njinga anali anzake, ankamuuza nkhani za m'misewu.

Izi ndinkangozimvera kwa ana. Ineyo sindinawerengepo ngakhale tsamba limodzi. Ndinkati ndi zachibwana.

Ana a makalasi ena anayamba kuunjikana pawindo. A Chikomeni, aphunzitsi aakulu, anati nkhanizo zilembedwe. Ku Boma, mu ofesi ya mpingo wina, munali makina opukusa ndi dzanja osindikizira mapepala. Tcheyamani wa chipani wa dera lathu anawerenga kope loyamba, nati, "Bola kabatanika kasalowe ndale." Kenaka anapempha lina la mwana wake.

Kanali kapepala ka masamba anayi, kamodzi pamwezi. Tinayamba ndi makope makumi asanu. Pofika 1977 anali mazana anayi. Ana anakhazikitsa gulu lawo, Abwenzi a Kabatani. Aliyense ankavala batani pa ulusi m'khosi, mkati mwa malaya, chifukwa pachifuwa panali pa baji ya chipani. Azimayi ankadandaula kuti malaya a amuna awo akutha mabatani. Makalata ankabwera mulu. "Wokondedwa Kabatani, jekete ija ndaiona ku Embangweni, yavalidwa ndi abusa." Towera ankayankha iliyonse, ndi timalemba ting'onoting'ono ngati ta munthu wa timanja tating'ono.

Zithunzi ankajambula Bennet Nyirongo.

Bennet anali wolemba zikwangwani pa Jenda. Wamtali, woseka mokweza, zala zake penti wokhawokha. Anali ndi taipi yakale. Towera ankalemba nkhani m'kope. Bennet ankaitaipa pa sitensulo, pepala lija laphula limene amalikulunga pa makina, n'kudinda zithunzi ndi kachitsulo kosongoka. Akamaliza ankamata envulopu. Ine ndinkainyamula Lachiwiri lomaliza la mwezi, n'kukaisiya kwa mkulu wopukusa makina ku Boma. Pobwerera ndinkagawa mitolo m'masukulu.

Towera mutu. Bennet manja. Ine matayala.

3

Dzina lija sindikudziwa amene analiyambitsa. Ndinangolimva tsiku lina pamsika wa Champhira.

"Monire, Anyina Kabatani!"

Towera anatembenuka. Anavomera. Nkhope yake inawala mwa njira imene ndinali ndisanaionepo. Ndinakondwa naye. Zoona, tsiku limenelo ndinakondwa.

Lachiwiri lotsatira ndinaimika vani pa Jenda. Pakhomo pa shopu ya Bennet panali mayi wogulitsa mbatata, Felesta.

"A Nyirongo alipo?" ndinafunsa.

"Awiske Kabatani? Ali kuseri, akutsuka mabulashi."

"Mwati ndani?"

"Awiske Kabatani. Kodi simukudziwa, a Namate? Jenda yonse imawatcha choncho." Anaseka. "Anyina ali ku Champhira, awiske ali kuno. Inu ndinu a basi, mumangonyamula mwana."

Azimayi anzake anaseka nawo. Panalibe choipa m'mitima mwawo. Inenso ndinaseka. M'kamwa munali mowawa ngati ndatafuna sopo wanga yemwe.

Bennet anatuluka akupukuta manja.

"A Namate! Mwabwera kudzatenga mwana wathu?"

"Wanu ndi ndani?"

"Wathu tonse, bwana. Koma kandivutitsa chomene mwezi uno. Zithunzi zisanu ndi chimodzi! Maso andiwawa, zikwangwani za anthu zaima." Anakweza mawu kuti azimayi amve. "Tsiku lina ndidzakagunditsa lole kameneka, ndipume!"

"Yayi, adada, mungatiphere ana!" anatero Felesta. Kuseka konse.

Pamene ndinkatuluka, atsikana awiri a sukulu anakumana pamsewu. Aliyense anakweza dzanja, napinda khutu lake lakumanzere ndi chala. Ndinaima. Ndinagwira chipewa. Chinali m'malo mwake.

"Mukuchita chiyani inu?"

"Ndi moni wa gulu, adada. Khutu la Kabatani."

Ndinalowa m'vani. Pansi pa mpando panali kope lotsala la mwezi wathawo. Kwa nthawi yoyamba ndinayang'anitsitsa chithunzi. Kamutu kozungulira, mabowo awiri m'malo mwa maso. Ndipo kumanzere, khutu lopindika. Osati kupindika kulikonse. Kupindika kwanga, ndi kakona kake komwe.

Mzimba yonse munthu mmodzi yekha ndiye ankandiona wopanda chipewa. Ndiye kuti Towera anakamufotokozera Bennet. Anakhala pansi awiriwo, mitu pamodzi, wina akulongosola, wina akujambula. Mwina akuseka. Ndipo tsopano ana mazana anayi ankapinda makutu m'misewu yonse imene ndinkadutsa.

4

Lachisanu ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Towera anali pakhonde, makalata a ana ali pamiyendo.

"Mwafika msanga, a Namate. Sopo watha?"

"Bennet ukuonana naye kangati pamwezi?"

Anaika cholembera pansi. "Kawiri. Kukapereka kope, kukaona zithunzi. Mukudziwa kale."

"Ukudziwa dzina limene akumutcha?"

"Ndi masewera a ana."

"Felesta ndi mwana? Iwe akakuitana umavomera. Iyenso amavomera. Anyina ndi awiske. Ine ndine ndani pamenepa? Mlamu?"

"Inu ndinu mwamuna wanga."

"Nanga khutu?"

Ndinkayembekeza kuti achita manyazi. M'malo mwake anamwetulira pang'ono.

"Mwalionadi? Zaka zitatu, ndimati simudzaliona."

"Ndiye zikukusangalatsa."

"Werengani nkhanizo, a Namate. Ndapota. Zonse zili m'bokosi pansi pa bedi. Ola limodzi lokha."

"Ine sindine mwana wa Sitandade 3."

"Ndiye werengani ya Novembala yokha. Tsamba lomaliza. Ndalilembera inu."

"Upatse awiske awerenge."

Anatola makalata ake mmodzimmodzi, nalowa m'nyumba. Sitinakambenso.

Lachiwiri lomaliza la Okutobala ndinalandira envulopu kwa Bennet monga mwa nthawi zonse. Ku Boma ndinafika Lachinayi m'malo mwa Lachitatu. Ndinauza mkulu wa makina kuti tayala linaphulika panjira. Iye anali wa maso ofooka. Sankawerenga, ankangopukusa. Masitensulo akatha ntchito ankayatsira mbaula.

Mitolo ndinagawa yomangamanga. Kazomba, Embangweni, Jenda. Mtolo wa Champhira ndinausiya mu ofesi ya a Chikomeni Lachisanu m'mawa.

5

Kulira kunayambira ku Sitandade 5.

Ndinali pabwalo, ndikuthira madzi m'vani. Ndinamva mwana mmodzi, kenaka kalasi yonse, kenaka sukulu yonse. Ndinaganiza kuti mphunzitsi wagwa. Ana anatuluka mapepala ali m'manja. Ena ankathamangira kwawo. Ena anangokhala pansi m'fumbi.

Towera anatulukira pakhomo la kalasi yake. Mtsikana wamkulu, Marjory, mlembi wa gulu, anamupatsa kope atalitsegula patsamba lomaliza.

Masamba atatu oyamba anali bwinobwino. Kabatani wamva kwa belu la njinga kuti jekete ija ili m'basi ya ku Kasungu. Wathamangira ku siteji. Tsamba lachinayi linali ndi mizere isanu ndi itatu yokha. Kabatani akuwoloka msewu. Lole ya fodya ikubwera. Tayala. Batani lasweka pakati. Jekete sanaione. Pansi pake mawu awiri: NKHANI YATHA. Ndi chithunzi: Kabatani chagada, mng'alu pakati pa nkhope.

Towera anawerenga ataimirira. Anayang'ana chithunzi. Anachibweretsa pafupi ndi maso.

"Madamu, ndi zoona?" anafunsa Marjory. "Wafwa nadi?"

"Ine sindinalembe izi."

"Ndiye ndani?"

Towera anapinda pepalalo kanayi, naliika m'thumba la diresi, nabwerera m'kalasi.

Pofika madzulo yankho linali litapezeka lokha. Dzanja la chithunzi linali la Bennet, aliyense ankalidziwa. Ndipo Felesta anali atauza msika wonse: "Ananena yekha. Ndinamva ndi makutu angawa. Anati adzakagunditsa lole."

6

Loweruka m'mawa tinamva nyimbo ikuchokera kumsewu. Nyimbo ya maliro.

Ana anabwera pamzere. A ku Jenda anayenda wapansi. Ena anachokera kutali kuposa pamenepo, pamodzi ndi azichemwali awo. Aliyense ananyamula kanthu, monga amachitira akulu pamaliro: nkhuni ziwiri, ufa m'kambale, dzira. Atsikana analowa m'nyumba kukakhala ndi Towera pamphasa. Anyamata anakhala panja pansi pa mtengo. Palibe anawauza. Ankadziwa mwambo. Patsogolo Marjory ananyamula bokosi la machesi lokutidwa ndi kansalu koyera.

Anyamata awiri a chipani anafika pa njinga. Masiku amenewo anthu oposa khumi sankasonkhana popanda kalata.

"Msonkhano uwu waloleza ndani?"

"Ndi maliro, adada," anatero Marjory. "Kodi maliro amapempha kalata?"

Anyamatawo anayang'anana. Wamng'onoyo anatsika panjinga, navula kapu. Ndinamuona akupinda khutu mobisa.

Makolo anabwera kudzaonerera, ena akuseka. Atamva kulirako analeka kuseka. Bennet anafika pa basi ya m'mawa, maso ofiira. Ana anamupatukira ngati ali ndi nthomba. Komabe anamuyalira mphasa patsogolo, pamalo a mwini maliro. Ine ndinaima chapambali, pafupi ndi vani.

Kumeneko maliro asananyamuke, wa pabanja amaimirira kufotokozera anthu mmene imfa yayendera. A Chikomeni anakonza kukhosi.

"Anthu abwera kutali. Awiske atifotokozere."

Towera anali ataima pakhomo, chitenje m'chiuno, duku kumutu. Sanayang'ane Bennet. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Bennet anaimirira.

"Wana wane, ine ndilibe mawu. Tsamba lija si langa. Envulopu inachoka m'manja mwanga Kabatani ali moyo. Anali m'basi, akumwetulira. Ndinajambula ndekha."

Mitu inatembenukira kwa ine.

"Ine ndimanyamula sopo," ndinatero. "Envulopu ndinalandira yomata, ndinapereka yomata. Kujambula, ngakhale nkhuku sinditha. Funsani aliyense."

Ena anaseka. Mitu inabwerera kwa Bennet.

"Munanena nokha za lole!" anakuwa Felesta kumbuyo.

"Zinali nthabwala, amama!"

"Nthabwala zake ndi izi," anatero Marjory, akukweza bokosi la machesi. "Mukanatiuza kuti mwatopa, tikanabwera kudzakuthandizani kupenta zikwangwani."

Bennet anakhala pansi. Anaphimba nkhope ndi zala zake zapenti.

Ana anakwirira bokosi kuseri kwa nyumba yathu, pansi pa mtengo wa pichesi. Atamaliza, Towera analankhula.

"Tamverani, wana. Batani losweka limamatika. Kabatani angathe kudzuka, njira ndikuidziwa. Koma sindingamudzutse pamene amene anamupha akubisala. Abwere yekha kwa ine, anene ndi pakamwa pake. Sindidzamutchula kwa munthu. Ndidikira mpaka Loweruka likubwerali."

7

Sabata imeneyo ana ankaweruka n'kupita pa shopu ya Bennet. Sankaponya miyala. Ankangoima pamsewu n'kumaimba, "Nenani, nenani, awiske nenani." Wa golosale amene anamupatsa chikwangwani anakachitenga chisanathe.

Ine sindinapite paulendo. Ndinauza kampani kuti ndadwala malungo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire ndinakhala pakhomo masiku asanu ndi awiri otsatizana. Towera ankandiphikira, ankanditengera madzi kubafa. Akaika mbale patebulo ankaima pang'ono, ngati munthu amene akudikira kuti umutume. Ine ndinkayamba kudya.

Lachisanu masana Bennet anagogoda. Anali ataonda. Anakana mpando.

"NyaShaba, ndabwera kudzavomera. Ndine ndinachita. Mudzutseni mwana."

Mtima wanga unadumpha. Mulungu andikhululukire, unadumpha ndi chimwemwe.

"Yewo, a Nyirongo," anatero Towera. "Koma si inu."

"Ndikuti ndine. Ana aja sakudya. Wanga yemwe, Doris, sakundilankhula. Lembani kuti ndine, zithe."

"Si inu. Pitani bwino."

Bennet anandiyang'ana kamodzi. Anatuluka, natseka chitseko pang'onopang'ono.

Loweruka linafika. Dzuwa linakwera, linapendeka. Ana ochepa anali atakhala kumpanda, akudikira. Cha m'ma 4 koloko Towera anawauza kuti azipita. Analowa, nayala mapepala awiri patebulo. Kope la Okutobala ndi la Novembala.

"Vulani chipewa, a Namate."

"Chifukwa?"

"Muli m'nyumba mwanu. Vulani."

Ndinavula.

"Yang'anani apa. Tsopano apa."

Chithunzi chinali chimodzimodzi. Cha Okutobala Kabatani anali ataimirira. Cha Novembala chinali chomwecho, chongogonekedwa chagada, n'kuwonjezera mng'alu. Mzere uliwonse wofanana. Kupatula umodzi.

"Amene anachita izi anaika sitensulo pamwamba pa chithunzi chakale n'kumatsata mizere," anatero Towera. "Anatsata bwino. Koma atafika pa khutu, dzanja linakana. Analiwongola." Anaika chala pamenepo. "A Nyirongo ajambula khutu ili zaka zitatu, angalijambule ali m'tulo. Ana amalikonda. M'boma lonse lino muli munthu mmodzi yekha amene amadana nalo."

Owerenga, ndakuyendetsani mokwanira. Tayala silinaphulike. Lachitatu lija ndinaima pa sitolo ya kasitomala wanga, ndinagula sitensulo, ndinabwereka taipi ya muofesi mwake ponena kuti ndikulemba lipoti la kampani. Envulopu ndinaitsegula ndi nthunzi ya ketulo. Mizere isanu ndi itatu ija inanditengera maola atatu. Lole ndinaitenga m'kamwa mwa Bennet, ndikudziwa bwino lomwe kuti Felesta anamva. Za khutu sindinadziwe n'komwe kuti ndaliwongola.

"Unadziwa liti?" ndinafunsa.

"Lachisanu lomwe lija, pakhomo la kalasi."

"Bwanji sunanene pamaliro?"

"Ndikanaimirira pamaso pa ana ndi makolo awo n'kuloza mwamuna wanga? A Chikomeni atati awiske afotokoze, ndinayang'ana inu. Ndinati mwina aimirira. Ndakudikirani masiku asanu ndi awiri, munthu wosalakwa akuimbidwa nyimbo pamsewu. Tchimo limenelo ndi langa, ndalisenza chifukwa cha inu. Dzulo anabwera kudzasenzanso lanu, inu muli chikhalire pampando uwo."

"Ndiye ndikunena tsopano. Ndine."

"Simukunena. Ndakuuzani ndine."

"Towera, anthu ankamutcha awiske. Pamaso panga."

"Anthu! Tsamba langa lili kuti? Munaliwotcha?"

"Lili m'vani."

"Munaliwerenga?"

Ndinapukusa mutu.

Anatenga chitenje chake. Sutikesi inali yomangamanga kale kuseri kwa chitseko, sindinaione. Mchimwene wake ankadikira kumsewu ndi njinga.

8

Sitensulo sawerenga ngati kalata. Umaikweza kudzuwa kuti kuwala kudutse m'malemba. Ndinaiwerenga choncho, nditaima pambali pa vani, tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ndinaloweza. Imati:

"Kabatani anakwera basi. Pampando wakumbuyo panali munthu wapaulendo atagona, chipewa chitagwera pansi. Jekete yake inalibe batani lachitatu. Koma Kabatani sanayang'ane jekete. Anayang'ana khutu. Anagwira lake, anayang'ananso la munthuyo. Tsopano anadziwa chifukwa chake iye sasochera: khutu lopindika limasunga njira ya kunyumba, ndipo analitengera kwa bambo ake. Anakwera phewa, nalowa pansi pa kupindikako pamene panali potentha. Ananong'oneza kuti, Adada, tsikani pa Champhira. Amama akudikira."

Pansi pake Bennet anajambula munthu wogona. Nkhope sanaionetse. Khutu lokha.

Papita zaka khumi ndi chimodzi. Bennet anatseka shopu Khirisimasi isanafike. Ndinamva kuti anawolokera ku Lundazi, ku Zambia, ndi banja lake. Towera sananditchule kwa munthu, monga analonjezera. Kabatani sanadzuke. Ine ndinapempha kampani indisinthire njira. Ndagulitsa sopo ku Mangochi, matayala ku Lilongwe, mabulangete ku Mulanje. Pa Champhira ndadutsa kawiri pa basi. Ulendo wachiwiri ndinamuona Towera pabwalo la sukulu akuyimbitsa ana. Kondakitala anafunsa ngati pali wotsika. Ndinakokera chipewa kumaso.

Mwezi wathawu ndinali pamzere m'chipatala china ku Lilongwe. Namwino amene ankandiyeza anawerama, ndipo m'khosi mwake munatuluka ulusi. Batani labuluu. Ndinafunsa. Anaseka mwamanyazi.

"Ndi zachibwana, bambo. Kwathu ku Mzimba kunali kankhani kena. Wojambula wake anakapha, munthu woipa mtima. Tinalira sabata yathunthu."

Anandiuza kuti ndivule chipewa andiyeze kutentha. Ndinati ndili bwino, ndinatuluka osalandira mankhwala.

Inu amene mukuwerenga, sindikuphunzitsani za nsanje. Mukuidziwa. Ine yanga inandiwerengetsa nkhope za anthu pamsika, kuseka kwa Felesta, zala za Bennet. Pepala limodzi lokha limene linalembedwera ine ndinaliyendetsa makilomita ambirimbiri pansi pa mpando osalitsegula. Dzina limene ndinkalilira linali langa kale. Litaitanidwa pamaso pa anthu, ndinayang'ana nsapato.

Abwenzi a Kabatani, tsopano ndinu anamwino, aphunzitsi, makondakitala. Marjory, kulikonse kumene uli. Munaimbira nyimbo munthu wosalakwa chifukwa ine ndinakulozerani khomo lake. Wina mwa inu akawolokera ku Lundazi, afunse wolemba zikwangwani wamtali dzina lake Nyirongo. Mumuwerengere tsamba lino mokweza, Doris ali pomwepo.

Ndipo wina apititse magazini ino ku Champhira.

NyaShaba, munati amene anachita abwere yekha, anene ndi pakamwa pake. Loweruka lija ndinaliphonya. Palibe wandifunsa, palibe wandiyalira mapepala patebulo. Ndine ndinapha Kabatani. Sindikupempha kuti mundilandire. Ndikupemphera mwanayo. Sitensulo yanu ndikadali nayo, sinang'ambike, ikhoza kupukusidwa. Loweruka loyamba la mwezi wamawa ndidzatsika basi ya m'mawa pa siteji yanu. Mudzandizindikira msanga. Ndidzakhala wopanda chipewa.